Lichero pa Zikhomo Zitatu

Mpaka lero sindifuna kuona lichero lili lokha panja. Likakhala m'manja mwa munthu ndilibe nalo vuto, koma ndikalipeza litasiyidwa pabwalo, mwini wake atalowa m'nyumba, ndimalitola n'kulikoleka pakhoma, ngakhale pakhomo pa eni. Ana anga amaseka, amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Ndinayamba zimenezi ndili ndi zaka khumi ndi zisanu.

Chinali chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Ndinali Fomu 1 pa kasukulu ka sekondale koyendera, kumapiri, ulendo wa ola ndi theka wapansi kuchokera pa Malomo. Ndikati sukulu musaganize za makalasi a mawindo agalasi. Tinkaphunzirira m'shedi yakale yosankhiramo fodya, ya malata odooka, ndipo fungo la fodyalo linali lisanachoke m'makoma. Miyezi yozizira nkhungu inkatsika kuchokera m'phiri la Ntchisi n'kulowa nafe m'kalasi, moti wokhala kumbuyo ankamva mawu a mphunzitsi koma nkhope osaiona bwino.

Kunyumba tinali awiri, ine ndi amayi. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho. Amayi kwawo kunali ku Bowe, ku Dowa, ndipo kuno anabwera chitengwa, kusiya mudzi wawo n'kudzakhala kwa mwamuna. Bambo atapita, amayi anasanduka mlendo pakati pa apongozi ndi alamu awo. Palibe anawathamangitsa, koma ndinkamva ndi makutu anga zomwe azakhali, mlongo wawo wa bambo, ankanong'ona pamtondo. Ankati munthu wamphamvu ngati uja sangangowonda n'kufa chabe, mkazi wa ku Bowe uja akudziwapo kanthu. Amayi ankazimvanso. Ankayenda m'mudzimo mosamala ngati munthu wosenza ndowa yodzaza, kupatsa moni aliyense, osakangana ndi munthu ngakhale mbuzi zake zitawadyera nyemba.

Zaka zimenezo anthu ankafa kwambiri. Sabata sinkatha osamva kulira kwa maliro mbali ina ya chigwa. Matendawo tinkawadziwa koma dzina lake sitinkalitchula, ndipo poti sitinkalitchula, imfa iliyonse inkasakiridwa munthu woichititsa.

Aphunzitsi athu a masamu anabwera teremu yachiwiri. Anali bambo wamtali, woonda, wa imvi zamsanga, ndipo ankakhala okha m'kanyumba kena pafupi ndi shedi. Kwawo sitinkakudziwa. Zomwe zinkamveka n'zakuti anakhala m'ndende zaka zambiri nthawi ya chipani chimodzi, osazengedwa mlandu, n'kutuluka zinthu zitayamba kusintha. Sanatiuze zambiri, koma tinkaonera kayendedwe kawo. Pophunzitsa ankaponya mapazi asanu ndi limodzi, n'kutembenuka, mapazi asanu ndi limodzi, n'kutembenukanso, chonsecho malo alipo ambiri. Ngakhale pabwalo la mpira ankatero. Anyamata ankawerenga chapansipansi koma palibe ankaseka mokweza, chifukwa potembenukapo aphunzitsiwo ankapendeketsa phewa, kuzemba khoma lomwe ife sitinkaliona.

Ine ndinkawakonda, ndinene mosabisa. Masamu ankandiyendera, ndipo ndinali mwana wapakamwa, wofuna kuyankha funso lisanathe. Aphunzitsi ena ankandikalipira chifukwa cha zimenezi. Awa ankangodikira ndimalize, kenako n'kufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?"

Tsiku loyamba la jiyometiri, masamu a mizere ndi makona, anagunditsa choko pabolodi kamodzi kokha n'kutifunsa kuti tikuona chiyani.

"Kadontho," tinayankha tonse.

"Ayi, chimene mukuona ndi fumbi la choko," anatero. Ankayamba m'Chingerezi, kenako n'kubwereza m'Chichewa kuti tisatsale m'mbuyo. "Kadontho kenikeni kalibe utali, kalibe mulifupi, kalibe kunenepa. Simungakagwire, simungakaone. Koma kalipo, ndipo kali ndi malo akeake."

Mnzanga amene ndinkakhala naye benchi imodzi, mtsikana wa kwaya, wamantha kuyambira kale, anandigwira pamkono. "Ndiye mzimu umenewo," ananong'ona. Ndinaseka, koma nditayang'ananso kadontho koyera kaja kali kokha pabolodi, nkhungu ikudutsa pakhomo, kuseka kunandithera.

Tsiku lomwelo aphunzitsi anatiuzanso chinthu china chimene chinadzawatembenukira. Anati m'masamu amenewa muli mfundo zochepa zomwe timangozivomera popanda umboni, chifukwa munthu amafunika poyambira. Zina zonse, ngakhale zioneke zoona bwanji, zimafuna umboni. "Wondiuza kuti zikuoneka choncho, ndimupatsa ziro," anatero. Anaima kaye, n'kuonjeza motsitsa mawu: "Kumene ndinali kunalibe buku. Ndinali ndi timfundo timeneti, chala changa, ndi fumbi la pansi. Zinandikwanira."

Sabata yotsatira anatitulutsa panja, kuseri kwa shedi, kumene kunkadutsa njira yopita tsidya la chigwa. Anali atasema zikhomo kuchokera ku nthambi yaiwisi ya mlombwa. Anakhoma ziwiri motalikirana n'kumanga chingwe kuchokera pa china kukafika pa chinzake.

"Mfundo yoyamba," anatero. "Pa timadontho tiwiri pamadutsa mzere wowongoka umodzi wokha. Amene apeze wachiwiri ndimupatsa njinga yanga." Njinga analibe. "Tsono mzerewu ukuthera pati?"

"Pachikhomo," ndinafulumira ine.

"Chathera pachikhomo ndi chingwe. Gwada apa, utsinzine diso limodzi, uyang'ane motsata chingwecho. Ukuona chiyani?"

"Mitengo ya kumanda."

"Kuseri kwake?"

"Denga la atcheya." Atcheya anali wapampando wa komiti ya sukulu yathu, mlimi wa fodya wopeza bwino, ndipo nyumba yawo ya malata inkawala tsidya la chigwa. Mnzanga wa pabenchi uja anali mwana wawo.

"Kuseri kwa dengalo?"

"Phiri."

"Mzere ulowa m'phirimo, utulukira kuseri, upitirira. Sugogoda pakhomo, supempha njira. Ulibe pothera, uku ndi uku komwe."

Tonse tinagwada mosinthana kuti tione. Mnzanga yekha anakana. Tikuweruka anandiuza kuti m'nyumba imene mzere unalowayo munali chigonere achemwali ake, amene anabwera kuchokera ku Lilongwe akudwala, ndipo anali atasiya kudya. Aphunzitsi sankadziwa zimenezi. Ndinamuuza kuti asakhale wopusa, ndi chingwe chabe, ndipo ndinaiwala msanga.

Lachinayi aphunzitsi anapempha kuti wina adzabwere ndi chinthu chathyathyathya, chopepuka, chachikulupo. Ndinaganiza za lichero lakale la amayi lomwe linkakhala pansi pa denga la nkhokwe. Amayi anali ndi lina latsopano, ndipo lakalelo linali long'ambika m'mphepete, atalisoka ndi ulusi wabuluu wa thumba la feteleza. Sindinawapemphe, chifukwa ndinati ndilibweza tsiku lomwelo. Koma mtsikana wa sekondale kunyamula lichero popita kusukulu, anyamata akanandiseka mpaka teremu kutha. M'mawa mwake ndinalikulunga m'chitenje, ndinalawira anzanga asanadzuke, n'kukalipereka pakhomo pa aphunzitsi. Palibe anandiona.

Pafupi ndi chingwe chija aphunzitsi anakhoma zikhomo zina zitatu moyandikana, ngati mafuwa, n'kukhazika lichero pamwamba pake. Linakhazikika osagwedera. Phunziro la tsikulo linali la chimene pa Chingerezi amati puleni.

"Puleni ndi malo athyathyathya, opanda kunenepa, opanda malire," anatero. "Pa timadontho titatu tosakhala pamzere umodzi pamadutsa puleni imodzi yokha. N'chifukwa chake mpando wa miyendo itatu sugwedera, pomwe tebulo la mu ofesi ya ahedi, la miyendo inayi, amalipinira pepala kunsi. Licheroli ndi kachidutswa chabe. Puleni yeniyeni ikupitirira mbali zonse, ikudutsa m'mawondo mwanu, m'makoma a shedi, mpaka kuseri kwa mapiri."

Ena anayang'ana mawondo awo. Aphunzitsi anati tilisiye pomwepo, Lolemba tidzakhoma chikhomo chachinayi tione ngati lidzakhudze zonse. Anatola mwala n'kuika pakati pa lichero kuti lisauluke ndi mphepo. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Eya, puleni ingauluke," ndipo kalasi yonse inafa ndi phwete. Tonse tinkadziwa kuyambira kupulayimale kuti liwu lomwelo pa Chingerezi limatanthauzanso ndege. Aphunzitsi nawo anamwetulira, ndipo ndi tsiku lokhalo lomwe ndinaona mano awo.

Madzulo ake ndinapita kumjigo kukatunga madzi. Panali azimayi angapo, azakhali ali pompo akupopa.

"A sekondale afika," anatero azakhali mwachipongwe chawo chija. "Mwaphunzira chiyani lero chotipindulira ife osaphunzirafe?"

"Taphunzira kupanga puleni ndi lichero."

"Puleni n'chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti ndi malo athyathyathya. Ndinkadziwa bwino lomwe, ndinali nditalemba m'kope ndi dzanja langa. Koma ndinafuna kuti aseke monga tinasekera m'kalasi, ndipo ndinafunanso kuwaswa azakhali ndi Chingerezi.

"Puleni pa Chichewa ndi ndege, azakhali. Aphunzitsi aikamo ndi mwala womwe kuti isauluke."

Palibe anaseka. Mjigo unasiya kulira, madzi akudontha okha m'ndowa. Kwathu mwana aliyense amakula akumva kuti afiti amauluka pa lichero, kuti ndege yawo ndi imeneyo, ndipo ine ndinakula ndikumva zomwezo. Kungoti tsiku limenelo nzeru za kusukulu zinandikwera kumutu. Ndinayesa kukonza, ndinati ndimangocheza, puleni yake ndi ina, ya masamu. Azakhali anangoti, "Mhm," n'kuyambanso kupopa.

Loweruka m'mawa tinamva kulira tsidya la chigwa. Achemwali a mnzanga uja anali atamwalira.

Masana ndinazemba kuti ndikatenge lichero lija. Nditatulukira pa shedi ndinapeza anthu ataima kale, amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi, chapatali, manja kumbuyo, akuliyang'ana osalankhula. Mmodzi anali atagwada pa chingwe chija, diso limodzi lotsinzina, monga ana ake anamufotokozera. Ndinabwerera ndi njira ya m'munda.

Lamulungu mudzi wonse unadutsa njira imeneyo popita kumaliro, ine ndili pambuyo pa amayi. Nkhungu inali yochindikala kuposa masiku onse. Udzu unali utabisa zikhomo, choncho munthu akamachokera kumunsi ankaona lichero lokha, lili m'malere, lofika m'mawondo, osagwedera. Mukayandikira m'pamene munkaona zikhomo zitatu, ndi utomoni wofiira utayenderera n'kuuma m'mbali mwake. Aliyense kwathu amadziwa kuti mlombwa ukaudula umatuluka zofiira ngati magazi. Tsiku limenelo palibe anakumbukira. Azimayi ankapatuka panjira n'kudutsa m'tchire, ena akuchita chizindikiro cha mtanda. Kunena zoona, ngakhale ine amene ndinalinyamula m'chitenje, ndinaliopa. Amayi analiyang'ana kamodzi, anamanga bwino mpango wawo, n'kupitirira.

Msonkhano unachitika Lachiwiri m'mawa, kuseri kwa shedi komweko. Makolo anakhala mozungulira lichero, kusiya bwalo lalikulu pakati, ife ana asukulu mbali imodzi. Ahedi, bambo wofatsa amene ankaopa komiti kuposa njoka, anaima pambali akupukuta magalasi. Atcheya anatsegula ndi mawu omwe anali pakamwa pa aliyense zaka zimenezo.

"Masiku ano ndi a demokalase," anatero, mawu awo atasasa ndi kulira. "Kale tinkaona zinthu n'kukhala chete. Lero aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Ine ndaika mwana wanga m'manda dzana. Ndikufuna aphunzitsiwa andiuze chifukwa chake analozetsa chingwe kudutsa kumanda mpaka pa denga langa, n'kuuza ana kuti chinthucho chilowa osagogoda. Andiuzenso kuti ndege iyi ndi yopita kuti."

Aphunzitsi anaimirira atavula chipewa. Anapepesa maliro kaye. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono, monga ankachitira m'kalasi, kuti pa Chingerezi pali mawu awiri omveka mofanana, ena otanthauza ndege, ena malo athyathyathya. Anati chingwe akanachilozetsa kwina kulikonse, chikanapezanso nyumba ya munthu. Apa ananena zoona kuposa mmene ankadziwira, chifukwa chaka chimenecho mzere uliwonse, mukanautsata mokwanira, ukanakufikitsani pakhomo pa maliro.

"Ngati ndapha munthu, bambo, ndionetseni umboni," anamaliza motero.

"Umboni?" anatero atcheya. Anatembenukira mwana wawo, mnzanga uja, amene anali atakhala pafupi nane maso ali otupa. "Tawauza anthuwa zimene unandiuza."

Mnzanga anaimirira. Sananame ngakhale liwu limodzi, ndipo n'chimene chimandiwawa mpaka pano. Anati aphunzitsi anatiphunzitsa za chinthu chomwe chilipo koma sichioneka, sichigwirika. Anati anatiuza kuti puleni ikudutsa m'mawondo mwathu. Anati anatiuzanso kuti pali zinthu zina zomwe munthu amangozivomera popanda umboni.

"Mwamva," anatero atcheya. "Inu nomwe munaphunzitsa ana athu kuti zina sizifuna umboni. Lero mukuufuna kwa ine?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma azakhali anali ataimirira kale.

"Ine funso langa ndi limodzi," anatero. "Bambowa alibe mkazi, sasinja, sapeta. Lichero analitenga kuti? Lichero ndi la munthu wamkazi, ndipo ndege yotere sakwera munthu mmodzi. Alipo mayi m'mudzi muno amene anawapatsa. Timudziwe ameneyo."

Apa m'pamene ndinazindikira pomwe ndaima. Ndikanena kuti ndinabweretsa ndine, aphunzitsi apulumuka mwina, chifukwa zioneka kuti linali phunziro chabe. Koma funso lotsatira likhala lakuti lichero ndi la yani, ndipo yankho lake ndi mkazi wa ku Bowe, amene mwamuna wake anawonda n'kufa chaka chatha. Azakhali anali atadikira chaka chathunthu kuti apeze pogwira. Amayi anali atakhala kumbuyo kwa azimayi anzawo, miyendo yotambasula, maso pansi.

"Ndinapempha ana kuti wina abwere ndi chinthu chathyathyathya," anatero aphunzitsi. "Mmodzi anabwera nalo."

"Amene anabweretsa aimirire," anatero ahedi, mawu awo akumveka kuti apeza potulukira. "Palibe chilango, aimirire basi."

Anzanga anayang'anana. Onse anamva aphunzitsi akupempha, koma palibe anaona wina atanyamula. Ine ndinakhala chikhalire. Ndinkamva madontho a nkhungu akugwa kuchokera pa malata a shedi.

"Iwe," anatero azakhali akundiloza. "Ndiwe unatiuza nkhaniyi kumjigo. Taimirira. Licheroli ukulidziwa?"

Ndinaimirira. Ulusi wabuluu uja unkaoneka bwinobwino kuchokera pomwe ndinali. Aphunzitsi sanandiloze, sanandikodole, anangondiyang'ana monga ankachitira podikira kuti ndimalize yankho.

"Sindikulidziwa, azakhali," ndinatero. "Ndinangoliona kusukulu konkuno."

Aphunzitsi anaweramitsa mutu. Anaponya mapazi awo asanu ndi limodzi aja, anatembenuka, anabwerera. Anayang'ana gulu la azimayi kwa kanthawi. Kenako anavala chipewa.

"Mwanayo akunena zoona," anatero. "Ndasokoneza ndine. Palibe mwana anabweretsa. Lichero ndi langa, ndinabwera nalo kuchokera kumene ndinachokera."

Analowa pakati pa bwalo, anachotsa mwala uja n'kuuika pansi bwinobwino, ananyamula lichero n'kulipanira m'khwapa. Anthu onse anafutuka chambuyo nthawi imodzi, ena mpaka kugwa. Anyamata ena a m'mudzi anayamba kunena zotentha kanyumba kawo, ena kutola miyala. Ahedi anagwada pamaso pa atcheya, kuchonderera kuti pasakhetsedwe magazi pasukulu, munthuyo angochoka dzuwa lisanafike pamutu. Atcheya anavomera, mwina chifukwa chotopa ndi maliro.

Aphunzitsi sanatenge nthawi. Anatuluka m'kanyumba kawo ndi kachikwama kamodzi, lichero likadali m'khwapa, osalibisa, kuti aliyense aone kuti likupita ndi iwo. Anatenga njira ya ku Malomo. Ndinapezeka ndikuwerenga mapazi awo monga ankachitira anyamata aja. Pa lachisanu ndi chimodzi anaima, phewa linapendekeka. Ndinayesa atembenuka, ndipo ndinali nditakonzeka kufuula chilichonse akangotembenuka. Koma anaponya lachisanu ndi chiwiri, n'kupitirira, mpaka nkhungu inawameza kuyambira kumiyendo. Chomaliza kuoneka chinali chipewa.

Sindinawaonenso. Nditakula ndinafunsa pa Malomo, ndinafunsa kwa aphunzitsi akale amene ndinkakumana nawo, koma palibe anadziwa kumene analowera. Ena m'mudzi ankalumbira kuti sanafike n'komwe pamsewu, anangokhala palichero paja n'kuuluka. Imfa sizinaleke. Chaka chomwecho tinaika anthu ena ambiri, mmodzi wa iwo mwana wa azakhali. Zikhomo zija palibe anazizula. Njira inakhota yokha n'kuzilambalala, ndipo pomwe ndinkamaliza sukulu zinali zikadali pomwepo, zakuda, m'kati mwa udzu womwe panalibe wofuna kuutchetcha.

Amayi sanandifunsepo za lichero lawo lakale. Ine ndinkati mwina sanazindikire kuti linasowa, ndipo ndinakhulupirira zimenezi chifukwa ndinkafuna kuzikhulupirira. Masamu sindinawasiye. Ndinadzakhala mphunzitsi wa masamu inenso, ndipo chaka chilichonse ndikafika pa phunziro la puleni ndimagwiritsa ntchito katoni, n'kuliphunzitsa mothamanga ngati munthu wodutsa pamanda.

Amayi anabwerera kwawo ku Bowe ine nditayamba ntchito. Ulendo wina ndinakawaona nthawi yokolola, atakalamba ndithu, tsitsi lonse mbuu. Tinakhala pakhonde masana, iwo akupeta nyemba, ine ndikutola timiyala. Sindikudziwa chimene chinandigwira tsiku limenelo. Ndinangoyamba kulankhula, ndinawauza zonse, za chitenje, za kumjigo, za bodza langa pamsonkhano. Ndinalira ngati mwana, mayi wa ana atatu.

Sanasiye kupeta. "Ukuganiza kuti sindingadziwe msoko wanga?" anatero. "Ndinalizindikira Lamulungu lija, popita kumaliro. Ulusi uja ndinasoka ndekha."

"Nanga bwanji simunanene, amayi?"

"Ndinene kuti andiotche? Pamene unaimirira paja ndinkapemphera kuti uname. Ndinapempha Mulungu kuti mwana wanga aname, ndipo unanama." Anauzira mankhusu. "Bambo aja asanavale chipewa anayang'ana kwa azimayi. Unaona? Ankayang'ana ine. Ankandidziwa, ndinkawapatsa moni panjira. Ndinawayang'ananso, sindinathawitse maso. Anaona kuti ndadziwa, ine ndinaona kuti adziwa. Tinali atatu, mwanawe. Iwe, ine ndi iwo."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndasenza ndekha.

Anakhuthulira nyemba m'dengu, n'kukhala kanthawi lichero lili pamiyendo, akulisisita m'mphepete.

"Tandiuza, poti ndiwe mphunzitsi tsopano," anatero. "Puleni ija inali chiyani kwenikweni?"

Ndinawafotokozera monga anatifotokozera ife. Ndinati ndi malo athyathyathya osaoneka, opanda malire, ndipo timadontho titatu tikangokhalapo, puleni yake ndi imodzi yokha, imapitirira mbali zonse, kudutsa m'makoma ndi m'mapiri.

"Lichero akalichotsapo?"

"Puleni imatsala, amayi. Lichero linali longoonetsera."

"Mpaka kuno ku Bowe imafika?"

"Ilibe pothera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana mapiri a ku Ntchisi amene ankaoneka chapatali. Kenako anayang'ana mawondo awo.

"Ndiye kuti ikadalipo," anatero.

Anadzuka movutikira, atagwira mzati. Dengu la nyemba anandisiyira kuti ndinyamule ine. Lichero analowa nalo okha m'nyumba, sanalisiye panja.